Tsogolo la galimoto zaliwiro zoyendera dizilo

Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Pisitoni imafinya mpweya mu silinda mpaka mpweyawo utatentha kwambiri, kenako mafuta amapoperedwa mmenemo n'kuyaka okha. Injini ya petulo imafinya mpweya pafupifupi ka 10, pamene ya dizilo imafika ka 15 kapena kuposerapo. Kufinya kwakukuluku, pamodzi ndi mphamvu yochulukirapo imene ili mu lita ya dizilo, ndi kumene kumachititsa kuti injiniyi isadye mafuta ambiri. Rudolf Diesel, katswiri wa ku Germany, anaonetsa injini yake yoyamba yogwira bwino ntchito mu 1897 mumzinda wa Augsburg.

Kwa zaka zambiri injini imeneyi inali ya sitima, malole, mathirakitala ndi zigayo. Inali yolemera, yaphokoso ndiponso yochedwa kunyamuka. Mercedes-Benz inaiika m'galimoto yonyamula anthu ya 260 D mu 1936, koma ambiri amene anaigula anali oyendetsa mataxi, anthu owerengera malita osati liwiro.

Zinthu zitatu zinasintha mbiriyi. Choyamba chinali turbo, kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, kamene kamakankhira mpweya wambiri mu silinda. Chachiwiri chinali kupopera mafuta mwachindunji mu silinda, monga mu Audi 100 TDI ya mu 1989. Chachitatu, chomwe ndi chachikulu, ndi njira yotchedwa common rail, imene inayamba m'galimoto zazing'ono ndi Alfa Romeo 156 mu 1997. Mafuta amasungidwa mu paipi imodzi ali opanikizika kwambiri, ndipo kompyuta imatsegula mainjekitala kangapo pa kuyaka kumodzi kokha. Mafutawo amatuluka ngati nkhungu, amapsa bwino, ndipo kugogoda kuja kumene anthu ankadziwira dizilo kunachepa.

Chimene dizilo amaposera petulo ndi torque, mphamvu yopotokola imene imazunguza matayala ndi kukoka katundu. Injini ya dizilo imapereka mphamvuyi isanalire kwambiri, choncho dalaivala akangoponda pang'ono galimoto imalumpha, ngakhale pachitunda. Makampani a ku Germany anaona kuti apa pali malonda. Volkswagen inapanga Touareg ya masilinda 10 ndipo mu 2006 inaionetsa ikukoka ndege ya Boeing 747. Audi inatulutsa Q7 ya masilinda 12 mu 2008, ya mphamvu za akavalo 500. BMW inabwera ndi M550d mu 2012, yokhala ndi maturbo atatu, kenako ina ya maturbo anayi ndi mphamvu za akavalo 400. Galimoto zotere zinkathamanga makilomita oposa 200 pa ola m'misewu ikuluikulu ya ku Germany, koma paulendo wautali zinkamwa mafuta ochepa kusiyana ndi zinzake za petulo zamphamvu yofanana.

Pamipikisano dizilo anachita zimene ambiri sankayembekezera. Mu 2006 Audi R10 TDI inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France, ndipo kuyambira chaka chimenecho mpaka 2014 chikho chinkapita kwa galimoto za dizilo zokhazokha, za Audi komanso Peugeot mu 2009. Pa mpikisano wa usana ndi usiku, galimoto yosadya mafuta imaima kochepa pothira, ndipo mphindi zopulumutsidwazo zimawerengedwa. Mu 2009 Giniel de Villiers wa ku South Africa anapambana mpikisano wa Dakar ndi Volkswagen ya dizilo.

Maboma a ku Ulaya nawonso anakankhira anthu ku dizilo. Ngakhale lita ya dizilo imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wochulukirapo (makilogalamu pafupifupi 2.6 poyerekeza ndi 2.3 a petulo), galimoto ya dizilo imayenda mtunda wautali pa lita, motero pa kilomita iliyonse imatulutsa wochepa. Mayiko monga France ndi Germany anaika msonkho wotsika pa dizilo, ndipo pofika 2015 theka la galimoto zatsopano zogulitsidwa ku Ulaya zinali za dizilo.

Vuto linali mu utsi. Kutentha kwakukulu kumene kumapulumutsa mafuta ndi komwenso kumapanga mipweya ya nitrogen oxides, yomwe imawononga mapapo ndi kukulitsa mphumu. Palinso mwaye wosaoneka ndi maso umene umalowa mpaka m'kati mwa mapapo. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya World Health Organization inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Kuyeretsa utsiwu n'kotheka, koma kumafuna zipangizo. Pali sefa yotchedwa DPF yogwira mwaye, ndiponso thanki ya madzi otchedwa AdBlue, osakaniza ndi urea, yemweyo amene alimi amamudziwa ngati feteleza wobereketsa. Madziwa amapoperedwa mu ekizozi n'kusandutsa mipweya yoipa ija kukhala nitrogen ndi nthunzi. Zonsezi zimawonjezera mtengo ndi kulemera kwa galimoto, ndipo zina zimadyako mafuta.

Mu September 2015 bungwe loona za chilengedwe la boma la America, EPA, linaulula kuti Volkswagen inaika pulogalamu yachinyengo m'makompyuta a injini zake. Galimoto inkazindikira kuti ikuyesedwa n'kuyeretsa utsi mokwanira, koma ikabwerera pamsewu inkatulutsa nitrogen oxides wochuluka mpaka ka 40 kuposa malire a lamulo. Amene anayamba kutulukira kusiyanaku ndi ofufuza a ku West Virginia University, amene anayeza utsi galimoto zikuyenda pamsewu weniweni. Kampaniyo inavomera kuti galimoto pafupifupi 11 miliyoni zinakhudzidwa, mkulu wake Martin Winterkorn anatula pansi udindo, ndipo zindapusa ndi zipukuta misozi zinaposa mayuro 30 biliyoni.

Kuchokera apo malonda anayamba kulowa pansi. Audi inasiya mpikisano wa Le Mans kumapeto kwa 2016. Porsche inalengeza mu 2018 kuti sidzapanganso galimoto za dizilo, BMW inasiya injini ya maturbo anayi ija mu 2020, ndipo Volvo inapanga galimoto yake yomaliza ya dizilo mu March 2024. Mizinda inayamba kutsekera dizilo wakale: Hamburg inaletsa m'misewu ina mu 2018, ndipo London kuyambira 2019 imalipiritsa mapaundi 12.50 pa tsiku galimoto yosafika pa muyezo wa utsi. Mu 2023 galimoto zatsopano zoyendera batire lokha zinagulidwa zambiri m'mayiko a European Union kuposa za dizilo, zimene zinatsika kufika pa 14 mwa 100 zilizonse.

Komabe mlandu wa Volkswagen unangofulumizitsa zimene zinali kale m'njira. Galimoto yaliwiro ya dizilo inkagulidwa pa zifukwa ziwiri, kukoka mwamphamvu ndi kusadya mafuta, ndipo zonse ziwiri zapeza opikisana nazo. Mota yamagetsi imapereka torque yonse galimoto ikangonyamuka, popanda kudikira turbo. Galimoto za hybrid, zophatikiza petulo ndi batire, zimadya mafuta ochepa mumzinda, kumene dizilo amavutika chifukwa sefa yake imatsekeka pa maulendo afupiafupi. Lamulo limene European Union inakhazikitsa mu 2023 likufuna kuti pofika 2035 galimoto zatsopano zisamatulutse carbon dioxide, ndipo ngakhale pali mkangano wofuna kulifewetsa, ndi makampani ochepa amene angathire ndalama zambiri pa injini yatsopano ya dizilo yongothamangira.

Kumene dizilo wamphamvu akadali ndi malo ndi pa galimoto zolemera, zokoka ngolo ndi zoyenda mitunda italiitali kumene malo otchajira mabatire ndi osowa. Toyota Land Cruiser 300 ya mu 2021 ili ndi injini ya dizilo ya masilinda 6, ndipo Ford Ranger yopangidwa ku Silverton, ku Pretoria, imapezekanso ndi injini yotere. Hilux yatsopano yawonjezeredwa kamota kamagetsi kothandiza ponyamuka. Aliponso mafuta otchedwa HVO, opangidwa kuchokera ku mafuta ophikira otha ntchito, amene injini zambiri zatsopano zimalola, koma ndi okwera mtengo ndiponso sapezeka ochuluka.

Galimoto za dizilo zimene eni ake akuzisiya ku Britain, zokhala ndi chiwongolero kumanja, zina zimathera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pamtengo wooneka wotsika. Injini zake zinapangidwira dizilo wa sulphur wochepa kwambiri, magawo 10 pa miliyoni, amene Ulaya wakhala akugwiritsa ntchito kuyambira 2009. Mafuta a sulphur wambiri, amadzi kapena osakanizidwa ndi palafini, monga ena ogulidwa m'zigubu mafuta akasowa, amapha mainjekitala ndi kutseka sefa msanga. Amakaniko ena amangochotsa sefayo n'kusintha pulogalamu ya kompyuta kuti nyali yochenjeza izime. Galimoto imayendadi, koma mwaye wonse umene sefayo ikanagwira umatulukira mumsewu, ndipo mainjekitala akawonongeka amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja.