Mafuta amene akukalambitsa nkhope m'tauni muno

Mayi wina wa ku Chinyonga, wazaka 38, adalowa m'chipinda chimene ndimaonera odwala khungu atanyamula jumbo. Asanakhale n'komwe adakhuthulira patebulo timabotolo tisanu ndi kachubu kofinyika.

"Adokotala, nkhopeyi ikukalamba. Mundilembere amphamvu kuposa awa."

Ndidawapempha kuti ayandikire kuwindo. Masaya anali ndi zigamba zakuda ngati mwaye wa pansi pa poto, pachipumi ziphuphu, timitsempha tikuonekera pakhungu lopyapyala. Mfundo za zala zinali bii, pamene manja anali oyera. Ndisanawerenge zolembedwa pa kachubu kaja ndidadziwa kale kuti ukalamba ukunamiziridwa mlandu.

Khungu limakalamba ndithu, ndipo palibe mafuta oletsa zimenezo. Pamwamba pake pamafundula mosalekeza: kwa wachinyamata maselo atsopano amafika pamwamba m'masiku pafupifupi 28, kwa wamkulu amachedwerapo, n'chifukwa chake khungu limayamba kutuwa. Pansi pake pali ulusi wa mitundu iwiri. Collagen ndiye amalimbitsa, elastin ndiye amabweza khungu mukalitsina, monga lasitiki wa m'chiuno mwa kabudula. Munthu akapitirira zaka 20, collagen amachepa pafupifupi 1 peresenti chaka chilichonse, ndipo amayi akasiya kusamba amataya pafupifupi 30 peresenti m'zaka zisanu zoyambirira. Izi n'za chilengedwe.

Koma tayang'anani agogo anu amene alima moyo wawo wonse. Yerekezani nkhope yawo ndi khungu la mkati mwa mkono, cha kukhwapa. Zaka zake n'zofanana, koma kukhwapako n'kosalala. Kusiyanako wabweretsa ndi dzuwa, limene cheza chake chimadula ulusi uja pang'onopang'ono.

Apa ife akhungu lakuda tidabadwa ndi mwayi. Chimene chimadetsa khungu lathu, melanin, chimagwira ntchito ngati ambulera. Kafukufuku wa ku America wa mu 1979 adapeza kuti khungu lakuda limatchinga dzuwa ngati mafuta oteteza kudzuwa a mphamvu ya SPF 13, pamene la mzungu limangofika cha pa 3. N'chifukwa chake makwinya amachedwa kutipeza, ndipo ukalamba wathu umayamba kuonekera m'mawanga ndi kusiyana kwa mtundu pankhope. Amene akukayika mphamvu ya melanin aganizire abale athu achialubino, omwe kalembera wa mu 2018 adapeza kuti alipo oposa 130,000. Popanda chipewa ndi mafuta oteteza, khungu lawo limachita makwinya ndi zilonda akadali achinyamata, ndipo ambiri khansa ya pakhungu imawatenga msanga.

Ndiye taganizani munthu wogula ndi ndalama zake mankhwala ochotsa ambulerayo, kenaka n'kukaima padzuwa la mu Okutobala kudikira minibasi ya ku Limbe.

Mu kachubu ka mayi uja munali clobetasol, mankhwala amphamvu kwambiri a gulu la steroid amene ife timapereka kwa masabata ochepa pa nthenda zina za khungu. Iwo anali atadzola zaka zinayi. Steroid amaletsa khungu kupanga collagen, ndiye limapyapyala, limachita mizere ngati ya pamimba pa nchembere, zipere ndi ziphuphu n'kupezapo malo. Mabotolo awiri anali ndi hydroquinone. Ameneyu amayeretsa poyamba, koma mukamukakamira amatembenuka n'kudetsa masaya ndi mtundu wakuda wopita kobiriwira, nthenda yotchedwa ochronosis. Dokotala wina wa ku Pretoria, George Findlay, ndi anzake adaifotokoza mu 1975 ataiona mwa amayi ambiri odzola mafuta oyeretsa, ndipo mu 1990 dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'zodzoladzola. Mabotolo enawo analibe chizindikiro chilichonse, zosakaniza za pabenchi. Amenewo ndiwo ndimaopa kwambiri, chifukwa mwina mumapezeka mercury, amene amawononga impso.

Anthu amakhumudwa ndikawauza zimene zimathandizadi, poti n'zotchipa ndiponso zosasangalatsa kumva. Chipewa chachikulu kapena ambulera masana. Mafuta otchinga dzuwa a SPF 30 kwa amene angakwanitse, makamaka ngati nkhope yayamba kale mawanga. Vaseline kapena glycerine mukangotuluka m'bafa, khungu lisanaume, chifukwa ntchito yake n'kusunga madzi amene alimo kale. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikamatsika, dzolani kawiri. Sopo wochapira zovala asiyireni zovala. Chinkhupule ndi mwala n'za kuzidendene, osati kumaso: khungu lathu likapwetekedwa limayankha ndi kuda, ndiye mukamalikhula kwambiri ndi pamene mawanga amachuluka. Fodya amaphwanya collagen ngati dzuwa lomwe.

Mankhwala odzola amene umboni wake ndi wolimba pa makwinya ndi a gulu la retinoid, monga tretinoin. Amafuna kuleza mtima miyezi ingapo, amadzoledwa usiku, amayabwa poyamba, ndipo mayi woyembekezera asawayandikire. Za ufa wa collagen wothira mu tiyi, umene ukutsatsidwa pa WhatsApp, ine sindingatulutsire ndalama. M'mimba umagayidwa ngati chakudya china chilichonse chomanga thupi, ndipo usipa ndi nyemba n'zotchipa kuposa pamenepo.

Mayi aja sindidawasiyitse steroid tsiku limodzi, chifukwa khungu lozolowera limalusa mukalimana mwadzidzidzi. Tidatsitsa mphamvu pang'onopang'ono. Patatha miyezi inayi adabweranso atavala chipewa. Ziphuphu zinali zitatha, mtundu wawo weniweni ukubwerera, koma zigamba za m'masaya zinali pomwepo, ndipo ndidawauza mosabisa kuti zimenezo mwina sizidzachokeratu.

Chimene chinkawavuta kwambiri sichinali zigambazo ayi. Anzawo a kuntchito ankawafunsa ngati akudwala kapena ngati kunyumba zinthu zavuta, poti akuda. Potuluka adandifunsa ngati angabwere ndi mng'ono wawo wazaka 22, amene adayamba kudzola zomwezo chaka chatha.