Kodi mumadziwa? Zimene botolo la bourbon limaulula

Bourbon ndi wisiki wa ku America, ndipo gwero lake ndi chimanga. Lamulo la kumeneko limati mwa mbewu zonse zofululira mowawu, chimanga chisachepere 51 peresenti. Akautcheza amauthira mu migolo yatsopano ya matabwa a mtengo wa oki, yowauka mkati mpaka kuda ngati makala. Mtundu wofiirira uja ndi kafungo konga shuga wopserera zimachokera mu matabwawo. Mu 1964 nyumba ya malamulo ya dzikolo inalengeza kuti bourbon ndi mowa wa America basi, ndipo wambiri amapangidwa ku Kentucky.

Kudula kwake kuli ndi zifukwa. Mgolo umagwira ntchitoyi kamodzi kokha, ndipo ukakhala mosungira zaka zambiri, mowa wina umauluka chaka ndi chaka. Koma mitengo ina yangokwera ndi kutchuka kwa dzina. Bourbon wotchedwa Pappy Van Winkle, amene amapangidwa pa fakitale ya Buffalo Trace mu mzinda wa Frankfort, anthu amamugulitsana pa mtengo woposa wa kampani kangapo konse.

Ine ndimati wogula ayambe wawerenga chizindikiro. Mawu akuti "Bottled in Bond", ochokera mu lamulo la 1897, amatsimikiza kuti mowawo watchezedwa pa fakitale imodzi, wakhala mu mgolo zaka zosachepera 4, ndipo ukali wake ndi 50 peresenti. Ambiri otere ndi otsikirapo mtengo. Poyerekeza wodula ndi wotsika mtengo, thirani pang'ono mu matambula awiri, wina abise mabotolo, mudontheze timadzi, mununkhize kaye musanalawe.