Nyimbo inatha, masautso sanathe

Inali cha m'ma 2 koloko usiku, pa 22 Novembala 1873, pamene sitima yapamadzi ya Ville du Havre inawombana ndi ina yotchedwa Loch Earn pakati pa nyanja ya Atlantic. Ville du Havre inang'ambika pamimba, ndipo m'mphindi 12 zokha inali itamira. Anthu 226 anatsikira nayo pansi pa nyanja. Mmodzi mwa ovuulidwa anali Mayi Anna Spafford, amene anawapeza atakomoka, thabwa losweka likuwayandamitsa. Ana awo anayi, onse aakazi, Annie, Maggie, Bessie ndi Tanetta, sanaonekenso. Wachisamba anali ndi zaka 11, wamng'ono zaka ziwiri.

Atafika kumtunda ku Cardiff, mayiwa anatumiza telegalamu kwa amuna awo ku Chicago. Inali ya mawu ochepa: apulumuka okha, ndipo akufunsa kuti achite chiyani. Kapepalako kakusungidwa mpaka lero ku Library of Congress ku Washington.

Bambo Horatio Spafford anali loya wodziwika, mkulu wa mpingo wa Presbyterian, komanso bwenzi la mlaliki Dwight L. Moody. Iwo anayenera kukhala m'sitima yomweyo, koma nkhani za bizinesi zinawagwira mwendo, n'kuuza banja kuti litsogole, iwo alipeza. Zaka ziwiri m'mbuyomo, mu Okutobala 1871, moto waukulu wa ku Chicago unali utapsereza chuma chambiri chimene anachiika m'malo ndi m'nyumba. Ulendo wa ku Ulayawu unali woti banja likapumeko.

Zimene zinatsatira ambiri opemphera amazidziwa. Bamboyo anakwera sitima ina kukakumana ndi akazi awo, ndipo mwana wawo Bertha, amene anabadwa pambuyo pake, anadzasimba kuti woyendetsa sitima anawaitana n'kuwauza kuti tsopano akudutsa pamene ana awo anamira. Kuchokera m'chisoni chimenechi munatuluka nyimbo ya It Is Well with My Soul, imene Philip Bliss anaiikira maimbidwe mu 1876. Alaliki ambiri amaimira pomwepa. Mpingo umati amen, kwaya n'kuyambitsa, anthu n'kupita kwawo mitima ili m'malo.

Koma pamenepa nkhaniyi yangofika pakati, ndipo gawo lotsalalo ndi limene woferedwa angafune kumva.

Bliss mwiniwakeyo sanafike chaka chotsatira. Mu Disembala 1876 mlatho unagumuka ku Ashtabula, ku Ohio, sitima yapamtunda imene anakwera ndi mkazi wake n'kugwera mumtsinje, ndipo onse awiri anafera pomwepo. Kunyumba kwa a Spafford kunabadwa mwana wamwamuna, n'kumupatsa dzina la bambo ake. Mu 1880 mwanayo anadwala matenda a scarlet fever n'kumwalira asanayambe n'komwe sukulu. Mwana wachisanu. Munthu uja analemba kuti mzimu wake uli pa mtendere anayeneranso kuima pa manda ena, nyimbo yake ikuimbidwa kale m'matchalitchi.

Ndiye kunabwera manong'onong'o. Ena mwa akhristu anzawo anayamba kufunsa kuti banjali linachimwanji kuti Mulungu azilikantha chotere. Funsoli silachilendo kwa ife. Maliro akagwa kawiri katatu pakhomo limodzi, kusiwa kumakhala nyimbo, koma kuseri kwa nyumba, kumene amayi akuphika nsima ya anamalira, kumakhala kufufuza: pali chimene anachita, kapena pali amene akuwachita. Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, sanasowe onena kuti ndi chilango, ngati kuti matope otsika m'phiri la Soche ankasankha khomo. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anangokhala naye pansi osalankhula. Atangotsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa cha mavuto ake, anamuwonjezera zilonda, ndipo kumapeto kwa buku la Yobu Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu amene ankadandaula mokweza. Yesunso, ophunzira ake atamufunsa za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, anakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake.

A Spafford sanapirire manong'onong'owo mpaka kalekale. Anasiyana ndi mpingo wawo, n'kuyamba kupemphera kunyumba ndi anthu ochepa. Mu Ogasiti 1881 ananyamuka ku Chicago ndi ana awo awiri otsala, Bertha ndi khanda lotchedwa Grace, pamodzi ndi kagulu ka anzawo, ulendo wa ku Yerusalemu. Anapeza nyumba mkati mwa linga la mzinda wakale, pafupi ndi Chipata cha Damasiko. Anthu anayamba kuwatchula kuti American Colony.

Tisawapake utoto wa angelo. Gululi linali ndi ziphunzitso zimene mipingo yambiri inazikana, ndipo a Horatio atamwalira, Mayi Anna analilamulira ndi dzanja lolemera, mpaka kuletsa maukwati kwa zaka zingapo. Chisoni chimatha kuumitsa munthu pena, ngakhale wopemphera. Komabe pali chinthu chimodzi chimene ngakhale owatsutsa sanachikane: khomo lawo linali lotsegula. Myuda, Msilamu, Mkhristu, aliyense wodwala kapena wanjala ankalandiridwa, ndipo sankamuumiriza kusintha chipembedzo kuti adye. Anthu amene anafunsidwa kuti munalakwanji sanafune kufunsa wina aliyense funso lomwelo.

Apa m'pamene ine ndimaona chikhulupiriro chawo, kuposa m'nyimbo muja. Kuimba kuti Mulungu amandikonda n'kotheka ngakhale mtima uli dzanzi. Koma kudzuka m'mawa, ana asanu ali m'manda, anayi mwa iwo manda opanda mtumbira, n'kukoleza moto kuti mwana wa mlendo amwe phala, pamafunika munthu amene wakana kukhulupirira kuti Mulungu ndi mdani wake. Yankho la chifukwa chimene sitima ija inamirira sanalilandire. Chuma cha ku Chicago sichinabwerere. Za Yobu timawerenga kuti anabwezeredwa kawiri, koma a Horatio Spafford anadwala malungo, omwewa timawadziwa ife, n'kumwalira mu 1888, asanakwanitse zaka 60. Anaikidwa m'manda a pa phiri la Ziyoni.

Ntchito ija inapitirira. M'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dzombe litagwa mu 1915 n'kumaliza mbewu za ku Palestina, a American Colony ankaphikira anjala tsiku ndi tsiku, ndipo ankasamalira asilikali ovulala osayang'ana mbali imene akumenyera. Mayi Anna anamwalira mu 1923.

Patapita zaka ziwiri, tsiku loti mawa ndi Khirisimasi mu 1925, Bertha, tsopano Mayi Vester, anali pa ulendo wokaimba ku Betelehemu pamene anakumana ndi bambo wina wachiluya ali ndi mkazi wake wodwala pa bulu, khanda lili m'manja. Chipatala chimene anadzera chinali chotseka chifukwa cha chikondwerero. Bertha anathandiza kuti mayiyo agonekedwe, koma kunja kusanache anamwalira. M'mawa mwake bamboyo anabwera ndi khandalo, n'kupempha kuti alisunge, poti kumene ankakhala silikanakhala moyo. Bertha analilandira n'kulitcha Noel. Pasanapite nthawi ana ena amasiye anabweretsedwa, ndipo nyumba ija ya pafupi ndi Chipata cha Damasiko inasanduka malo olerera makanda, kenako chipatala cha ana. Lero imatchedwa Spafford Children's Center, ndipo amayi a ku Yerusalemu akupitabe kumeneko ndi ana awo.