Okutobala Amanama Kapena Amanena Zoona? Mkangano wa Masapota a Hockey ya pa Ayezi

Anzanga, mukudziwa momwe zimakhalira ligi ikangoyamba. Timu ipambane masewero awiri okha, masapota ayamba kale kuyeza shelefu yoikapo chikho. Igonje kamodzi, mphunzitsi achoke basi. Matendawa si a mpira wamiyendo wokha ayi. Ku America nawonso akudwala omwewo pa masewero amene ambiri a ife tinangowaona pa kanema: hockey ya pa ayezi. Lero tione timu imodzi ya ana asukulu, Western Michigan Broncos, ndi funso limene limawagawa masapota chaka chilichonse: kodi masewero oyambirira angatiuze kumene timu ikathere?

MASEWEROWO AMAYENDA BWANJI?

Bwalo lake ndi madzi oundana, mkati mwa chinyumba chozizira. M'litali ndi mamita pafupifupi 61, m'lifupi 26, ndipo lazunguliridwa ndi mpanda. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, n'kumatsetsereka pa liwiro loti wanjinga sangawapeze. Mpira wake si wozungulira ngati wathuwu. Ndi kachimbale ka labala yolimba kotchedwa puck, kolemera magalamu osapitirira 170, ndipo amakamenya ndi ndodo yopindika kumapeto.

Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri ndi akutsogolo atatu. Masewero amagawidwa patatu, mphindi 20 chigawo chilichonse, ndipo wotchi imaima woyimbira akangoliza wezulo. Chodabwitsa n'chakuti wosewera sakhalitsa m'bwalo. Amathamanga mwina osakwanitsa ndi mphindi imodzi yomwe, n'kutuluka, mnzake n'kulumphiramo masewero ali mkati. Choncho timu yodalira katswiri mmodzi siipita patali, chifukwa katswiriyo nthawi yambiri amakhala ali pa benchi akupuma.

Wina akalakwa, monga kukola mnzake ndi ndodo, amakakhala kunja mphindi ziwiri ndipo timu yake imatsala yoperewera. Mwayi umene enawo amaupeza, asanu kulimbana ndi anayi, umatchedwa power play. Musaiwale mawu amenewa, tikumana nawonso kutsogoloku.

LIGI YA ANA ASUKULU, KOMA SI YAMASEWERA

Bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite a ku America ndi NCAA. Mu gawo lake lapamwamba muli matimu a hockey ya amuna opitirira 60. Sizoni imayamba mu Okutobala n'kutha mu Epulo. Kawirikawiri matimu awiri amakumana Lachisanu usiku n'kubwerezanso Loweruka, ndiye wogonja ali ndi maola 24 okha oti abweze chipongwe.

Osewerawa ndi ophunzira enieni. Amalowa m'kalasi, amalemba mayeso, ndipo amene magiredi ake atsika kwambiri saloledwa kusewera. Ambiri amafika ku yunivesite ali ndi zaka 19 kapena 20, atayamba asewera m'maligi a achinyamata. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: palibe amene amakhalitsa. Ena amamaliza maphunziro, ena amatengedwa ndi matimu a NHL, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa, ena amasamukira ku yunivesite ina. Timu imene inatseka sizoni mu Epulo si imene imatsegula mu Okutobala. Yunifolomu ndi yomweyo, nkhope zasintha. Ndiye masapota alekerenji kukangana?

Western Michigan University ili mu mzinda wa Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan. Bwalo lawo, Lawson Ice Arena, ndi laling'ono, lolowa anthu osakwana 4,000, koma limatchuka ndi phokoso la ophunzira ochemerera amene amadzitcha Lawson Lunatics, kunena kwake amisala a ku Lawson. Mphunzitsi wawo Pat Ferschweiler anasewerapo timu yomweyi ali mnyamata, ndipo anatenga udindowu mu 2021. Pofika Okutobala 2024, sukuluyi inali isanatengepo chikho cha dziko lonse ngakhale kamodzi. Sizoni yapambuyo inali itathera pa masewero oyamba a chipulula, pamene anagonja 5-4 ndi Michigan State mu nthawi yoonjezera.

MAFUNSO ANAYI A MASAPOTA

Sapota wodziwa zinthu sayamba ndi kufunsa kuti tapambana kangati. Amayamba ndi awa.

Loyamba: wachoka ndani, wabwera ndani? Amatenga zigoli zonse za chaka chatha n'kuchotsapo za anthu amene achoka. Zotsalazo ndiye chuma chimene timu ikuyamba nacho. Zikachepa, funso limakhala lakuti atsopanowa adzadza dzenjelo kapena ayi.

Lachiwiri: pagolo pali ndani? Mu hockey goloboyi amaponyeredwa kapuck kaja mwina ka 30 pa masewero amodzi, ndipo golo lake ndi la mamita 1.8 m'lifupi ndi 1.2 kutalika basi. Goloboyi wabwino amabisa zofooka za timu yonse. Mu 2024 Broncos inali ndi awiri: Cameron Rowe, mkhalakale, ndi Hampton Slukynsky, wa chaka choyamba. Mphunzitsi ankawasinthanitsa, wina tsiku ili, wina linalo. Dongosolo lotere limagawa masapota nthawi zonse. Ena amati mpikisano umanola onse awiri, ena amati timu yofuna chikho iyenera kudziwa mwini golo.

Lachitatu: power play ikubala zipatso? Timu yogoletsa kamodzi pa mipata isanu iliyonse, ndiye kuti 20 pa 100, imaonedwa kuti ili bwino. Masewero ambiri amatha mosiyana chigoli chimodzi, ndiye mphindi ziwiri zimenezi zimalemera kwambiri.

Lachinayi: tasewera ndi ndani? Kuthambitsa timu yofooka 6-0 kumakoma, koma sikuphunzitsa zambiri. Kugonja movutikira ndi timu yamphamvu nthawi zina kumaulula zochuluka.

MASAMU PANG'ONO, MUSATHAWE

Chifukwa chiyani manambala a mu Okutobala amapusitsa? Tiyeni tiyerekeze. Goloboyi waponyeredwa ka 30 pa masewero aliwonse, ndipo wasewera anayi. Zonse pamodzi ndi 120. Ngati walowetsa ziwiri ziwiri, zigoli ndi 8, wagwira 112. Gawani 112 ndi 120, mupeza 93 pa 100. Ameneyo masapota amamuimbira nyimbo.

Tsopano tinene kuti tsiku limodzi anadzuka nalo tsoka, analowetsa 7 m'malo mwa ziwiri. Zigoli zakwana 13, wagwira 107, ndipo watsikira pa 89 pa 100. Mu hockey nambala imeneyi ndi yochititsa manyazi, ndipo mumva anthu akuti akhale pa benchi. Komatu munthu ndi yemweyo, wangolakwitsa usiku umodzi.

Tengani usiku woipa womwewo muuike mu sizoni ya masewero 34. Waponyeredwa ka 1,020. Popanda tsokalo akanalowetsa 68, ndi tsokalo walowetsa 73. Nambala yake yangosuntha kuchoka pa 93.3 kufika pa 92.8. Mwaona? Mchere wodzadza supuni umawawitsa ndiwo za m'kambale, koma mu mphika wa pa ukwati sumveka n'komwe. Masewero akachepa, mwayi ndi tsoka zimaoneka ngati luso ndi ulesi. Amene amati masamu alibe ntchito, nayi ntchito yake.

NDIYE OKUTOBALA NGWACHABE?

Ayi ndithu, ndipo apa masapota odandaula msanga ali ndi mfundo. Mu mpikisano wa chikho cha dziko lonse mumalowa matimu 16 okha. Mwa amenewa, 6 amalowa chifukwa chotenga chikho cha gulu lawo, poti matimu ambiri anagawidwa m'magulu 6. Malo 10 otsalawo amaperekedwa potsata masamu a kompyuta, amene amaona kuti wapambana kangati, wasewera ndi ndani, ndipo amene wasewera nawowo ndi amphamvu bwanji. Kwa zaka zambiri njira imeneyi inkatchedwa PairWise. Kompyutayo siisamala za mwezi. Kugonja kwa mu Okutobala kumawerengedwa chimodzimodzi ndi kwa mu Febuluwale.

Chinanso, masewero ambiri okumana ndi matimu a magulu ena amachitika koyambirira kwa sizoni. Amenewa ndi amene amathandiza kompyuta kudziwa gulu lamphamvu ndi lofooka. Gulu lanu likachita bwino mu Okutobala, aliyense wa m'gulumo amapindula mpaka kumapeto. N'chifukwa chake mupeza sapota akuchemerera mdani wake weniweni, bola mdaniyo ngwa gulu lake ndipo akusewera ndi alendo.

Palinso mndandanda wina umene umatuluka sabata iliyonse, wochokera ku mavoti a aphunzitsi ndi atolankhani. Umenewu ndiye umabutsa phokoso lalikulu, chonsecho sulowetsa timu mu mpikisano. Ndi maganizo a anthu basi. Tinene mwachidule: zotsatira za mu Okutobala zimasungidwa, koma zolosera za mu Okutobala zimauluka ndi mphepo.

ZINATHA BWANJI KU KALAMAZOO?

Sizoni ya 2024 mpaka 2025 isanayambe, atolankhani olosera za gulu la NCHC, limene Broncos ilimo, anaika Denver pamwamba. Zinali zomveka, chifukwa Denver inali itangotenga chikho cha dziko lonse kachikhumi mu Epulo 2024. Western Michigan anaiika chapakati. Kumapeto kwa Okutobala inapita kukakumana ndi Boston College, imodzi mwa matimu oopsa chaka chimenecho, n'kugonja 4-2. Wongoona zigoli akanati olosera aja sananame.

Koma timu inapitiriza kukula. Kaputeni Tim Washe ankatsogolera, Alex Bump ankamwetsa zigoli, ndipo chakumapeto kwa sizoni mkangano wa pagolo unatha wokha: Slukynsky, mwana wa chaka choyamba uja, anatenga malowo. Broncos inathera pamwamba pa NCHC koyamba m'mbiri yake, kenako inagonjetsa Denver 4-3 mu fainolo ya gululo.

Mu mpikisano wa dziko lonse zinthu sizinali zofewa. Ku Fargo anapambana Minnesota State 2-1, chigoli chopambanira chitabwera mu chigawo chachiwiri cha nthawi yoonjezera, ndipo anachimwetsa ndi Grant Slukynsky, mkulu wake wa goloboyi uja. Kenako anapambana Massachusetts 2-1. Apa anafika mu ndime ya matimu anayi otsiriza, imene amaitcha Frozen Four, ku St. Louis. Mu semifainolo anakumananso ndi Denver. Anatsogola 2-0, Denver inabweza zonse, ndipo Owen Michaels ndi amene anathetsa nkhani, 3-2, mu chigawo chachiwirinso cha nthawi yoonjezera. Pa 12 Epulo 2025 anaswa Boston University 6-2 n'kunyamula chikho chawo choyamba. Sizoni yonse anapambana masewero 34, kugonja 7, kulepherana kamodzi.

Nanga Boston College ija inawagonjetsa mu Okutobala? Inalowa mu mpikisano ili nambala wani, koma Denver inaitulutsa 3-1 isanafike n'komwe ku Frozen Four.

Chenjezo, anzanga: musathamangire kunena kuti olosera ndi mbuli. Onaninso zigolizo. Masewero atatu mwa anayi a mpikisanowu Broncos inapambana ndi chigoli chimodzi chokha, awiri mwa iwo mu nthawi yoonjezera, pamene woyamba kugoletsa ndiye wapambana. Kapuck kaja kakanagunda chitsulo cha golo ku Fargo n'kubwerera, bwenzi tikukamba nkhani ina. Timu inali yabwino zedi, koma mu masewero a chipulula ngakhale yabwino imafuna kamwayi.

MKANGANO UYAMBIRANSO

Chikho chisanazizire n'komwe, Bump anasaina ndi Philadelphia Flyers ndipo Washe anapita ku Anaheim Ducks, onse matimu a NHL. Funso loyamba lija linabwereranso: zigoli zawo amwetsa ndani? Kuonjezera apo, malamulo anasintha. Kuyambira Ogasiti 2025, NCAA inayamba kulola anyamata ochokera ku CHL, maligi aakulu a achinyamata a ku Canada, amene kale ankaletsedwa. Gavin McKenna, mnyamata amene ankatchulidwa kwambiri mwa onsewo, anasankha Penn State. Mwadzidzidzi matimu ambiri anakhala ndi nkhope zatsopano zimene masapota sanazionepo zikusewera hockey ya ku yunivesite, ndipo kulosera kunavutirapo.

Masapota a ku Kalamazoo nawo anasintha mbali. Chaka chimodzi m'mbuyomo ankadandaula kuti anthu akuidelera timu yawo. Tsopano aliyense wobwera ku Lawson ankafuna kugwetsa akatswiri, ndipo kugonja kulikonse kunkaoneka ngati chiyambi cha kugwa.

Ndiye mukamva mnzanu akulengeza katswiri ligi itangoyenda masabata awiri, kaya ndi hockey, kaya mpira wamiyendo, kaya wamanja, mufunseni mafunso atatu: masewero angati? Ndi matimu ati? Ndipo pagolo panali ndani? Akayankha onse bwinobwino, mumvereni. Akayamba kukanda m'mutu, mukumbutseni kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu mukuti bwanji: mphunzitsi azisinthanitsa magoloboyi awiri, kapena asankhe mmodzi kuyambira tsiku loyamba? Lembani maganizo anu mwachidule, mupereke kwa akonzi a bolodi lino. Mayankho omveka bwino tidzawamata pompano.