Waya wasiliva womera yekha m'botolo

Tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi mananomita 80,000. Waya wasiliva amene akatswiri a sayansi akupanga masiku ano kunenepa kwake sikufika n'komwe mananomita 100, moti pangafunike mawaya pafupifupi 1,000 ogundizana kuti afanane ndi tsitsilo. Palibe wosula amene angatulutse waya wotere. Wayayu amachita kumera yekha m'botolo.

Mu 2002, Yugang Sun ndi Younan Xia a pa yunivesite ya Washington ku Seattle anasonyeza mmene amamerera. Iwo anathira silver nitrate mu ethylene glycol wotentha madigiri pafupifupi 160, ndipo siliva anayamba kutuluka ngati timibulu. Chinsinsi chinali pa mankhwala otchedwa PVP, amene amamatirira m'mbali mwa kam'bulu kalikonse n'kusiya nsonga ziwiri zokha zili pamtunda. Siliva wobwera pambuyo amasowa pogwira kupatula kunsongako. Kam'buluko kamangotalika basi, mpaka kukhala ngati singano.

Ena amagwiritsa ntchito chikombole chotchedwa block copolymer. Umenewu ndi unyolo wa mapulasitiki a mitundu iwiri, osagwirizana ngati madzi ndi mafuta, koma omangiriridwa pamodzi. Polephera kuthawana, amandandalika okha m'timizere kapena timapaipi. Mu 2000, gulu la Thomas Russell ndi Mark Tuominen ku Amherst m'chigawo cha Massachusetts linasungunula mtundu umodzi, n'kutsala ndi timabowo ta mananomita 14 tomwe anadzazamo chitsulo cha cobalt. Timibulu ta siliva natonso tingathe kukopeka ndi mtundu umodzi wokha, n'kufola motsatira mzerewo.

Kupota ulusi wokhala ndi siliva ndi nkhani ina. Phala la pulasitiki losakaniza ndi siliva amaliika m'jakisoni, singano yake n'kuilumikiza ku magetsi opitirira mavoti 10,000. Dontho lakunsonga limasongoka, kenako limathamanga ngati kamtsinje kowonda, n'kuuma lisanagwe pambale yolandirira. Anton Formhals analembetsa njirayi kale mu 1934.

Popeza siliva amapha mabakiteriya, ulusi wotere amauyesa pa mabandeji ndi zosefera madzi. Mawaya asiliva aja amayalidwa pa masikirini ogwira ndi chala: kuwala kumadutsa m'mipata yake, magetsi amayenda, ndipo akapindidwa sathyoka ngati indium tin oxide, yemwenso amayalidwa pa masikirini otere. Chovuta n'chakuti salufa wa mumpweya, yemwe amadetsa masipuni asiliva, amadyanso kawaya kowonda chonchi msanga, choncho opanga amakakuta ndi kachikopa koteteza.