Kodi Chithunzi Chanu Chikadali Inu? Nkhani Yochokera ku Kafue Estates

Aliyense wa ife amene anakwanitsa zaka 16 muno m'Zambia ali ndi chithunzi chimodzi chimene sanachisankhe yekha: chija cha pa reji, chitupa chobiriwira chimene boma linayamba kupereka mu 1965. Ambiri tinajambulidwa tili pa mzere, dzuwa likutiswa pamphumi, maso ali tong'o ngati mbuzi yoona galimoto. Zaka zapita, imvi zamera, ena dazi lafika pankhongo, koma pa chitupa paja pakadali kamnyamata kapena kamtsikana kosadziwa kanthu za dziko. Boma lingapirire zimenezo popeza limatidziwa ndi nambala. Koma wolemba anthu ntchito, wogula malonda athu, ngakhale mdzukulu amene adzafune kudziwa nkhope ya agogo ake, amafuna kuona munthu monga alili.

Ku Kafue Estates nkhaniyi ili ndi mbiri yakeyake. Malowa, amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, sanakule pang'onopang'ono monga mudzi. Anachita kumangidwa dala, motsatira mapulani a kampani ya Doxiadis ya ku Greece, kuti mukhale antchito a m'mafakitale amene boma la a Kenneth Kaunda linatsegula kumeneko: fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba ntchito mu 1970, ndi ya nsalu ya Kafue Textiles. Anthu anabwera kuchokera ku Chipata, ku Petauke, ku Mongu, ku Kasama ndi kwina konse. Munthu akalembedwa ntchito m'masiku amenewo ankajambulidwa kamodzi, kachithunziko n'kumatidwa pa khadi lolowera pachipata, basi. Sankafunanso china mpaka tsiku lopuma ntchito, chifukwa kapitawo ankamudziwa, mlonda wa pachipata ankamudziwa, ndipo woyandikana naye nyumba anali mnzake wa pa makina omwewo.

Koma panalinso chithunzi china, cha ulemu, chimene munthu ankalipira ndi ndalama za m'thumba mwake. Malipiro oyamba akatuluka, mnyamata ankagula jekete ndi tayi n'kupita ku situdiyo, kapena kuitana wojambula woyendayenda pa njinga, kamera ili pakhosi. Ankaima pafupi ndi wailesi kapena duwa la pulasitiki, dzanja atalipinda bwino kuti wotchi ioneke. Ankadikira masiku angapo kuti filimu ithe ndi kutsukidwa, kenaka chithunzicho ankachiika m'kalata yopita kumudzi. Kumeneko chinkayenda khomo ndi khomo, ndipo uthenga wake unkamveka ngakhale kwa osadziwa kuwerenga: mwana wanu ali moyo, ali pa ntchito, sanalowerere m'tauni. Maukwati ena amene lero ali ndi zidzukulu anayambira pa kachithunzi kotere kofika m'manja mwa ankhoswe.

Luso la ojambula a nthawi imeneyo layamba kulemekezedwa posachedwapa. Ku Lusaka, mayi Sana Ginwalla anapeza mulu wa zithunzi zakale zimene eni ake sanabwere kudzatenga ku Fine Art Studios, ndipo anayamba kuzisunga ndi kuzionetsa kwa anthu. Zithunzi za bambo Alick Phiri, amene anali ndi situdiyo yawo ku Kanyama, zaonetsedwanso poyera. Ku Mali, Malick Sidibé, amene ankajambula anthu wamba a mu Bamako, analandira mphotho yaikulu ya zaluso ku Venice mu 2007. Tikutchula zimenezi kuti amene ali ndi zithunzi zoterezi pansi pa sutikesi asazitaye, ndiponso alembe kumbuyo kwake dzina la munthu ndi chaka, odziwa akadali moyo.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa 1991, pamene misika inatsegulidwa ndipo salaula inadzaza paliponse. Fakitale ya nsalu inafooka mpaka makina anazima, ya feteleza inachepetsa antchito, ndipo mabanja ambiri a mu Estates anayamba kudzifunira okha pogwira. Ana amene anabadwira m'nyumba za kampani ndiwo lero ali aphunzitsi, anamwino, amakanika, osoka zovala, oweta nkhuku, ogulitsa nsomba za mu mtsinje wa Kafue. Ena akufunsira ntchito ku fakitale ya zitsulo, ena amakwera basi m'bandakucha kupita ku Lusaka. Onsewa amachita malonda ndi anthu amene sanawaonepo, ndipo chimene chimafika poyamba kwa mlendoyo, mawu asanamveke, ndi kachithunzi ka pa WhatsApp, pa Facebook kapena pa LinkedIn. Mayi wa ku Chilenje amene akufuna kutumiza ndalama pa foni kuti asokeredwe diresi la ukwati amayamba wayang'ana kachithunziko. Akapezapo mkango, galimoto la eni ake kapena chikho cha timu ya mpira, mtima umakayika, ndipo sitingamunene, popeza akuba a pa foni achuluka.

Nanga chithunzi choyenera ntchito n'chotani? Ojambula odziwa amagwirizana pa zinthu zochepa, ndipo zambiri sizifuna ndalama. Chioneke kuyambira pachifuwa kufika pamwamba pa mutu, munthu ali yekha. Chithunzi chodulidwa pa gulu la ku ukwati, phewa la mlamu likusuzumira pambali, chimaulula msanga kuti mwini wake sanaikepo mtima. Kumbuyo kukhale khoma losalembedwa kanthu, osati chingwe cha zovala kapena firiji.

Pa kuwala m'pamene ambiri timaphonya, ndipo apa tikhalitsepo pang'ono. Dzuwa la masana limagwera pamutu, n'kusiya maenje akuda m'maso ndi kunyezimira pamphumi. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo litapendeka. Imani pa mthunzi wa khonde, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala; mukafulatira zenera mudzatuluka ngati chithunzithunzi cha usiku. Khungu lathu lakuda lili ndi vuto lina limene si ife tinalipanga. Kwa zaka zambiri makampani a filimu monga Kodak ankayesera mitundu ya zithunzi pa nkhope ya mkazi wachizungu, kotero kuti makina otsukira sankalabadira nkhope zakuda. Makamera a lero ndi abwinopo, komabe akaona malaya oyera mbee amachepetsa kuwala, ndipo nkhope imamira. N'chifukwa chake malaya obiriwira, abuluu kapena a mtundu wa dothi amathandiza kuposa oyera. Chitenje chabwino ndi duku lomangidwa mwaulemu n'zoyenera ndithu. Palibe lamulo loti munthu wa ntchito aoneke ngati wa ku London.

Foni isagwiridwe ndi mwini wake. Kamera ikayandikira kwambiri imakulitsa mphuno ndi kuchepetsa makutu. Wina aigwire, aime mapazi atatu kapena anayi kutali, pa msinkhu wa maso. Amene angathe kulipira wojambula wa ku situdiyo achite tero, ndipo apemphe kuti awatumizirenso chithunzicho pa foni osachichepetsa. Chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ngakhale ku Kafue kumene kuli malo opangira magetsi a Kafue Gorge, wojambula wodziwa kugwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa ndiye amene ntchito yake sinaime.

Tsono pali chizolowezi chimodzi chimene sitikugwirizana nacho. Mafoni ambiri amatha kuyeretsa khungu, kufafaniza makwinya ndi kuonda masaya, ndipo tsopano kuli mapulogalamu a pa kompyuta amene amaveka munthu suti imene sanaigulepo ndi kumukhazika mu ofesi imene sanalowemo. Kuchotsa chiphuphu chotuluka dzulo si mlandu. Koma mtsikana wakuda bwino wa ku Kafue akatumiza chithunzi choyera ngati cha mwana wa eni, n'kukafika pa mayeso a ntchito ali wina, funso loyamba m'mutu mwa bwana limakhala lakuti: nanga satifiketi ija ndi yake? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ana athu akamaona amayi awo akudziyeretsa pa chithunzi chilichonse, amaphunzirapo kanthu za khungu lawo.

Kodi chithunzi chisinthidwe liti? Pasipoti ya munthu wamkulu imatha pa zaka khumi, ndipo pa ntchito zaka khumi n'zambiri zedi. Ife tinganene kuti zaka ziwiri kapena zitatu zikapita, kapena maonekedwe akasintha: mwayamba kuvala magalasi, mwameta ndevu, mwanenepa kapena mwaonda. Muyeso wapafupi ndi uwu: mlendo amene mwapangana kukumana naye pa siteshoni ya basi angakuzindikireni ndi chithunzicho popanda kuimba foni?

Okalamba asasiyidwe pa nkhaniyi. Nthawi zambiri pa maliro taona achibale akupekesa m'masutikesi usiku wonse kufuna chithunzi choika pa pulogalamu ya Misa, mapeto ake n'kukulitsa kaja ka pa reji. Gogo wokalamba, amene anagwira ntchito zaka makumi awiri pa makina oluka nsalu ndi kulera ana asanu ndi atatu, amaperekezedwa ndi nkhope ya mwana wa zaka 16 imene zidzukulu zake sizikuidziwa. Tikudziwa kuti makolo ena amakana kujambulidwa poganiza kuti tikuwalosera imfa. Njira yosavuta ndi kudikira tsiku la chisangalalo, la ubatizo wa mdzukulu kapena la Khirisimasi, iwo atavala kale zabwino. Mukatha kujambula banja lonse, apempheni kuti akhale okha pa mpando pakhonde, mujambule zitatu kapena zinayi, ndipo chimodzi mukachitsukitse pa pepala, chifukwa foni imabedwa ndiponso imagwera m'madzi.