Kutentha Thupi Si Malungo Nthawi Zonse

Ambiri a ife mwana akangotentha thupi timathamangira ku kantemba kukagula mapiritsi. Cizolowezi cimeneci ndi coopsa, cifukwa cibayo ndi matenda ena amayambanso ndi kutentha thupi. Mukapatsa mwana mankhwala a malungo pamene akudwala cibayo, matenda enieniwo amangokulirakulira.

Kale, kuti malungo adziwike pankafunika maikulosikopu ndi munthu wodziwa kuigwiritsa nchito. Lero ku kiliniki kuli kacipangizo kakang'ono kopimira magazi. Anamwino amalasa cala, nadonthezapo magazi pang'ono, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 20 yankho limaoneka. Mizere iwiri ndiye kuti malungo apezeka. Mzere umodzi ndiye kuti afufuze matenda ena.

Kumbukirani za klorokwini. Tizirombo ta malungo tinamuzolowera, mpaka mu 2002 boma linasankha Coartem kuti alowe m'malo mwake. Kumwa mankhwala mwacisawawa ndi kulekezera panjira kumalimbitsa tizirombo. Tsono akakupatsani Coartem, imwani kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, mutadya cakudya, ndipo mutsirize ngakhale mwapeza bwino.

Amai ndi atate, yambani mwapimitsa mwana asanafooke.